Bokosi la ma DVD a The Sopranos: ndamaliza, ndipo sikirini yakuda ija yandisowetsa tulo

Abale, ngati The Sopranos simunaonere ndipo muli ndi pulani yoti mudzaonere, imani pompano chifukwa ndiulula zonse mpaka kumapeto. Sindingathe kukamba za bokosi limeneli osakamba za mphindi zomaliza, pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Bokosili ndinaligula ku Joni nditapita kukaoda katundu, mu kashopu kena kogulitsa zinthu zogwiritsa kale ntchito, mabuku, ma CD, ma DVD ali mbwee mpaka pansi. Ndinalowamo kufuna chaja ya foni basi, koma maso anagwera pa bokosi lolemera lothimbirira, pakona litang'ambika pang'ono, ma sizoni onse sikisi, ma episodi 86. Ndinali nditamvapo kwa anthu kuti iyi ndiye dilama ya zigawenga yomwe inasintha TV ku America koma ndinali ndisanaonerepo olo episodi imodzi. Mtengo unali wabwino nde ndinangotenga, ndinalikulunga mu juzi kuti lisaphwanyike pa basi, ulendo wonse ndili nalo pamiyendo.

Za katunduyo kaye. Chithunzi ndi chabwino, mukakumbukira kuti sizoni yoyamba inayamba kuonetsedwa pa HBO mu January 1999 mudabwa kuti ikuoneka bwino chonchi, ma sizoni akumapeto nde ngati filimu ya ku sinema. Mawu amamveka bwino. Chomwe chinandipulumutsa kwambiri ndi mawu olembedwa pansi aja, chifukwa Chingelezi cha anthu a ku New Jersey ndi chothamanga, amameza mawu, komanso amasakaniza ndi timawu ta Chitaliyana, popanda zolembedwazo theka la nkhani likanandidutsa. Dandaulo langa ndi lakuti disiki imodzi ya sizoni 4 inali yokalika, imaima pakati pa episodi n'kudumpha, ndinaipukuta ndi kansalu kangapo mpaka inalola koma mphindi zingapo ndinaziphonya ndithu. Wogulitsa ananditsimikizira kuti zonse zili bwino, nde inu mukamagula zakale tsegulani disiki iliyonse muiyang'ane pa kuwala musanapereke ndalama. China, iyi si ya ana ayi. Kutukwana kuli paliponse, kuli bala ya azimayi ovina osavala yotchedwa Bada Bing komwe anyamatawa amachezera, ndipo anthu amaphedwa moonekera. Ine ndi achimwene anga timaonera ana akagona, voliyumu yotsitsa.

Nkhani yake mwachidule, Tony Soprano ndi bwana wa mafia ku New Jersey, amamusewera ndi James Gandolfini, bambo wamkulu thupi wopuma mofwenthera. Mu episodi yoyamba abakha omwe amakhala pa dziwe losambira kunyumba kwake auluka n'kumapita, iye n'kukomoka pomwepo chifukwa cha nkhawa, nde akuyamba kupita mobisa kwa dokotala wa maganizo, Dr. Melfi. Munthu wopha anthu atakhala pampando n'kumadandaula za mayi ake a Livia. Zimenezo ndi zomwe zinandigwira, chifukwa mabanja awiri akumukoka, la kunyumba, mkazi wake Carmela ndi ana Meadow ndi AJ, komanso la ku ntchito. Ma episodi ena amayenda pang'onopang'ono, makamaka a maloto aja, pali pena mu sizoni 6 Tony ali chikomokere m'chipatala akulota kuti ndi munthu wina wake wabizinesi, achimwene anagona kawiri konse. Koma musadumphe, ndikuuzani chifukwa chake.

Tsiku lomaliza linali Loweruka. Episodi yomaliza dzina lake Made in America, ku America inaonetsedwa pa 10 June 2007. Pofika apa anthu ambiri omwe tinawazolowera apita. Christopher, mwana yemwe Tony anamulera ngati wake, anamupha yekha atachita ngozi ya galimoto, kungomutsina mphuno mpaka kutha. Bobby, mlamu wake, anaomberedwa ndi anthu a ku New York mu shopu ya masitima a zidole. Silvio, mlangizi wake wamkulu, ali m'chipatala sakudzuka. Dr. Melfi wamuuza Tony kuti basi asabwerenso. Nkhondo ndi gulu la ku New York yatha bwana wawo Phil Leotardo ataomberedwa pa filingi siteshoni pamaso pa mkazi wake, zidzukulu zili m'galimoto, galimotoyo n'kumuponda mutu, apa ndinatembenuza nkhope. Amalume ake a Junior mutu unasokonekera ndi ukalamba, Tony akupita kukawaona koma sakumuzindikira n'komwe, sakukumbukiranso kuti anali bwana. Ndiye loya wamuuza Tony kuti mlandu ukubwera, mmodzi wa anyamata ake, Carlo, wayamba kuyankhula ndi boma.

Kenako tili pa lesitilanti yotchedwa Holsten's, ndi malo enieni ku Bloomfield, New Jersey. Tony wafika yekha, wakhala pa tebulo, waponya kandalama mu kamakina kosankhira nyimbo kali patebulo pomwepo, yayamba nyimbo ya gulu la Journey, Don't Stop Believin'. Carmela walowa. AJ walowa. Aitanitsa anyezi wokazinga uja wodula ngati mphete. Meadow ali panja akulimbana ndi kupaka galimoto, kulowa kutuluka, kulowa kutuluka. Palibe chikuchitika koma ine mtima uli m'mwamba, manja thukuta, ndikuyang'ana nthawi pa DVD ndikuona kuti kwatsala pang'ono zedi. Meadow wapaka, wawoloka msewu chothamanga, belu la pachitseko lalira, Tony wadzutsa mutu.

Bii. Sikirini yakuda, nyimbo yadukira pakati, zii.

Achimwene anadzuka n'kunena kuti "aaa magetsi apita pa nthawi yolakwika bwanji", koma babu inali chiyakire ndipo filiji imalirabe kukhitchini. Ine ndinaganiza kuti ndi disiki inanso yokalika, ndinatenga rimoti kufuna kubweza, nde pamenepo mayina a osewera anayamba kutuluka, opanda nyimbo iliyonse. Mdimawo umatenga masekondi pafupifupi 10. Tinangoti kakasi. Ndinamva pambuyo pake kuti ku America nako usiku umenewo anthu ambirimbiri anaganiza kuti TV yawo yafa kapena kebulo yaduka, ndipo oonera anali pafupifupi 12 miliyoni.

Achimwene anakwiya zenizeni. Akuti "iwe, miyezi itatu tikugona mochedwa kuti atipatse chimenechi? Amene analemba uja anasowa pomalizira, watibera." Ine usiku umenewo sindinawayankhe chifukwa nanenso ndinali ndi kaukali, koma tulo sitinabwere. M'mawa ana atapita ku Sande sukulu ndinabwezeretsa disiki ija n'kuonera mphindi zomalizazo kasanu, ndikuimitsa pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene ndinaona ubwino wokhala ndi bokosi m'manja, palibe za bandulo yatha kapena netiweki ikuvuta, umabweza mmene ukufunira, umatenga disiki ya sizoni ina n'kufananitsa.

Ine ndikuti Tony anafa pa tebulo pomwe paja, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Tamverani mmene kamera ikuyendera. Nthawi iliyonse belu la pachitseko likalira, amationetsa nkhope ya Tony akudzutsa mutu, kenako amationetsa chomwe iye akuona. Belu, nkhope, mayi wina akulowa. Belu, nkhope, bambo wa kapusi. Belu, nkhope, Carmela. Belu, nkhope, bambo wina wovala jekete, AJ ali pambuyo pake. Amabwereza dala kuti tizolowere, kuti maso athu akhale maso a Tony. Nde komaliza belu lalira, nkhope ya Tony, malo oti tione Meadow akulowa tikuona mdima ndipo sitikumva kanthu. Ngati chithunzi chotsatira nthawi zonse chimakhala chomwe Tony akuona, ndiye kuti Tony sakuonanso kanthu. Nditazindikira zimenezi tsitsi linandiimirira, ndinakhala pa mpando osayankhula.

Bambo wa jekete uja musamutaye. Amalowa patsogolo pa AJ, amakakhala pa kauntala, amatembenuka kuyang'ana tebulo la Tony kangapo, kenako amadzuka n'kudutsa pafupi ndi Tony kupita ku toileti, ndipo kamera imamutsatira, chinthu chomwe sichitira anthu ena onse m'menemo. Pa mayina a kumapeto analembedwa kuti bambo wa jekete ya Members Only, ndipo Members Only ndi dzina la episodi yoyamba ya sizoni 6, momwe Tony anaomberedwa pamimba ndi amalume ake a Junior. Zimenezi sizingangochitika mwangozi. Komanso anyamata a Tony amaikonda kwambiri The Godfather, amaitchula kawirikawiri, ndipo mu filimu imeneyo muli malo odziwika pomwe Michael amapita ku toileti ya lesitilanti kukatenga mfuti yobisidwa n'kubwera kudzaombera anthu pa tebulo. Toileti ya ku Holsten's ili chakumbali kwa Tony, wotulukamo amamufikira iye maso ali kuchitseko. Carmela ndi AJ akhala moyang'anana naye, ndiye Meadow akanafika msanga akanakhala pambali pa bambo ake, mbali yomwe munthuyo angatulukire. Kuvutika kupaka galimoto kuja komwe kunkanditopetsa, ndi komwe kunasiya mbali imeneyo pambalambanda. Ndipo taganizani, ngati zili choncho ndiye kuti mwana wamkazi amene Tony ankamukonda koposa walowa pa chitseko nthawi yeniyeni yoona bambo ake akugwa. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero.

Koma chomwe chinanditsimikizira si za mu lesitilanti mokha ayi, ndi ma episodi am'mbuyo, nchifukwa chake ndimati musadumphe. Sizoni 6 inagawidwa pawiri, ma episodi 12 mu 2006 ndi 9 mu 2007. Mu episodi yoyamba ya gawo lachiwirili, Tony ndi Bobby ali pa boti panyanja akucheza za mathero a anthu ngati iwo, Bobby n'kunena kuti mwina ikamabwera suimva n'komwe. Poyamba ndinaitenga ngati nkhani wamba ya amuna awiri. Koma mu episodi yachiwiri kuchokera kumapeto, Bobby ataphedwa, Tony wagona pa bedi m'nyumba yobisalamo atakumbatira mfuti, amationetsanso mawu omwewo a pa boti paja. Wolemba sabwereza chinthu kawiri pachabe. Palinso pena Silvio akudya mu lesitilanti ndi munthu wa ku New York, Gerry, akuyankhula bwinobwino, mwadzidzidzi mawu azima, magazi amuthovokera kumaso, ndipo kulira kwa mfuti tikukumva pambuyo. Anatiphunzitsa kale mmene imfa imabwerera mu dilama imeneyi, ife sitinadziwe kuti tili m'kalasi.

Nditawafotokozera achimwene zonsezi anapukusa mutu. Iwo mfundo yawo, ndipo si yopusa ayi, ndi yakuti palibe amene anatsala woti amuphe Tony. Phil wafa, Butchie wa ku New York anagwirizana naye kuti nkhondo ithe, nde walamula ndani? Akuti chomwe tikuona ndi moyo wa Tony wa tsiku ndi tsiku, kuti munthu ameneyu olo akudya ndi banja lake belu likalira ayenera kudzutsa mutu, aliyense wolowa akhoza kukhala wapolisi kapena wakupha, ndipo chilango chake ndi chimenecho, kukhala ndi moyo koma wopanda mtendere mpaka kalekale, mwina kukathera kundende chifukwa cha Carlo. Akuti amene waphedwa ndi ife oonera, atichotsa pa tebulo iwo akupitiriza kudya.

Ndinawauza kuti "achimwene, apo mwanena zoona theka." Zoti atipatsa mantha a Tony kuti tiwalawe, ndikuvomera kwathunthu, mphindi zija ine ndinkakayikira aliyense, olo anyamata awiri omwe analowa kudzangoyang'ana makeke, olo bambo wokalamba wa kapusi. Koma zoti palibe womupha, ayi. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akupha, kulanda, kunamiza, adani ake sawerengeka. Phil anaphedwa pamaso pa banja lake mochititsa manyazi, abale ake sangangokhala. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Ndipo kusadziwa amene walamula ndi mfundo yomweyo ya Bobby, woomberedwayo sauzidwa kuti ndani komanso chifukwa chiyani, nde ife amene tavala maso ake tiuzidwa bwanji?

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi choti Tony pa tebulo paja ali wokondwa. Si kawirikawiri kumuona choncho. AJ, mwana yemwe anafuna kudzipha pa dziwe lomwe lija la abakha ma episodi ochepa m'mbuyomo, akumukumbutsa mawu omwe Tony ananena kalekale kumapeto kwa sizoni yoyamba, oti azikumbukira nthawi zabwino, ndipo Tony waiwala kuti ananenapo zimenezo. Ndinakatenga disiki ya sizoni 1 kuti ndione, zoonadi, banja lonse lili mu lesitilanti ya mnzake Artie kunja kukugwa chimvula magetsi atazima, ana adakali aang'ono, Tony akukweza tambula. Kuona ziwirizi motsatizana, nkhope ya AJ ali kamnyamata konenepa kenako ali ndi ndevu, misozi inalengeza. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo ndi zomwe ndinaona, bambo akutafuna anyezi, mkazi wake akumwetulira, iye akudikira mwana wake.

David Chase, amene anayambitsa dilamayi komanso analemba ndi kutsogolera episodi yomalizayi yekha, wakhala zaka zambiri akuzemba funsoli. Mu 2014 nkhani inatuluka yoti wanena kuti Tony sanafe, kenako womuyankhulira anati mawuwo anawamva molakwika. Mu 2021 pocheza ndi magazini ya The Hollywood Reporter anafotokoza kuti poyamba ankaganiza zoti Tony akaphedwe ku msonkhano ku New York, koma tsiku lina akuyendetsa galimoto anaona kalesitilanti kakang'ono n'kuganiza kuti malo ngati amenewo ndi oyenera. Ambiri anati basi waulula. Ine zimenezo zinangowonjezera, ndinali nditakhutira kale ndi belu lija. Ndipo ndimamumvetsa chifukwa chake sanafune kutionetsa magazi. Kwa ma episodi 86 takhala tikumusekerera Tony, kumukhululukira, kumufunira zabwino olo atapha Christopher, olo atalamula kuti Adriana, chibwenzi cha Christopher, akaphedwe kutchire. Nde pamapeto tinkafuna kuti atipatse mtembo wake kuti tidzimve kuti ndife anthu abwino, kapena amupulumutse kuti tiombe m'manja. Anatikaniza zonse ziwiri. Tsiku loyamba ndinaona ngati chipongwe, pano ndikuona kuti anatilemekeza.

Gandolfini mwini wake anamwalira mu June 2013 ku Rome ali ndi zaka 51, matenda a mtima, ali pa holide ndi mwana wake. Eni ake a Holsten's anaika chikwangwani pa tebulo lija kuti pasakhale munthu, pomulemekeza. Ndinadziwa zimenezi nditamaliza kale kuonera ndipo zinapangitsa kuti nkhope yomaliza ija, maso atakweza kuyang'ana kuchitseko, ikhale yolemera kwambiri. Tebulolo analigulitsa pa eBay mu 2024 pa ndalama zoposa madola 80,000. Mwana wa Gandolfini, Michael, ndi amene anasewera Tony ali mnyamata mu filimu ya 2021, The Many Saints of Newark, koma imeneyo m'bokosimu mulibe.

Nde kodi bokosili ndi loyenera kugula? Eya, ngati muli ndi DVD yogwira ntchito komanso mtima wodekha. Ngati mukufuna zoomberana episodi iliyonse mutopa nayo, nthawi zambiri anthuwa amangodya, kukangana ndi akazi awo, kudandaula za ndalama. Ine ndikuipatsa 9 pa 10, imodziyo ndachotsa chifukwa cha ma episodi a maloto omwe ena anatalika mopitirira, disiki yokalika ija siine ndingaimbe mlandu opanga. Mukalipeza lakale onetsetsani makamaka kuti disiki yomaliza ndi yosalala, chifukwa ikadzada sikirini mudzafuna kukhala otsimikiza kuti ndi mmene anapangira.

Achimwene mpaka pano sanagonje, akuti Tony ali moyo ndipo ali kundende. Koma Lachitatu lapitali ndinawapeza pabalaza okha ataika disiki ya pa boti ija, akubweza mawu a Bobby kachitatu, rimoti ili m'manja. Atandiona anangoti "tayambirenso sizoni 1 Loweruka, pali zina ndikufuna ndione bwino."